Nsomba Yafunda Chikole

Fyness sankaikonda nsomba ija, ndipo sankabisa. Zeferino, bwenzi lake la pa Mwanza Boma, anali mnyamata wabwinobwino, wosalawa mowa, wosatembenuka khosi asungwana akamadutsa. Koma pabalaza pake panali chithanki chagalasi chodzaza madzi, ndipo m'menemo munkakhala kansomba kamodzi ka mano ngati a khoswe, kosadyedwa, kosagulitsidwa, kamene kakangodzidzimuka kankafufuma ngati mpira. Dzina lake linali Patarawu, kutanthauza bwana m'Chipwitikizi, ndipo m'nyumba muja kanalidi bwana.

Nsombayo anabwera nayo Fenias, mkulu wake wa Zeferino, amene ankayendetsa mathiraki a ku Joni. Fenias anafa pa ngozi zaka ziwiri zapitazo. Zovala zake abale anagawana, nsomba inatsalira mng'ono wake. Fyness ankazidziwa zonsezi, n'chifukwa chake kwa miyezi isanu ndi umodzi anangoluma mano.

Koma sabata imeneyi sinali yoluma mano. Loweruka amalume ake, a Kinsley, ankabwera kuchokera ku Thambani kudzaona kumene mnyamatayu amakhala, kuti akakhutira atchule tsiku la chinkhoswe. A Kinsley anavomera ulendowo monyinyirika, atachita kupembedzedwa. Banja la Zeferino linabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo kwa a Kinsley zaka zonse zimene zapitazi sizinasinthe kanthu: anali alendo basi, otenga mkazi n'kupita naye kwawo.

Ndiye Lamulungu masana, Fyness atalowa pabalaza, anangoima n'kugwira m'chiuno.

"Ichi n'chiyani, Zefe?"

Galasi lonse linali biriwiri. Madzi anali ngati msuzi wa chisoso, moti Patarawu ankangooneka ngati chithunzithunzi akamadutsa.

"Ndi ndere," anayankha Zeferino.

"Ndere ndikuiona, maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti Loweruka amalume adzakhala pampando uwu n'kumayang'anizana ndi chithaphwi? Bweretsa sopo ndi sitiluwaya ndikweche ndekha."

"Sopo ayi! Kadontho kamodzi kokha afa. Alibe mamba ameneyu, khungu lake limamwa chilichonse."

"Nanga anzako oweta nsomba zosadya amatani?"

"Amaikamo nkhono, kapena tinsomba todya ndere. Koma kwa Patarawu nkhono ndi ndiwo, ndipo nsomba ina iliyonse amaidula zipsepse. Safuna mnzake."

"Wafanana ndi mwini wake."

Zeferino akanangokhala chete zikanamuthandiza, koma mwamuna akadziwa kuti akulondola pakamwa pamamuyabwa.

"Komatu ndere imeneyi wabweretsa ndiwe, Fyness. Unachotsa katani pawindo ili kuti m'nyumba muzilowa dzuwa. Dzuwa likamaomba pagalasi tsiku lonse, ndere imamera. Ndiponso ukabwera umamuthirira chakudya ngati ukudyetsa nkhumba, zotsala n'kumaolera pansi."

"Ehee! Ndiye wolakwa ndine? Ndikuchapire makatani, ndikudyetsere chilombo chako, malipiro ake akhale amenewa?"

"Sindinatero. Tamvera, pali njira ina yake, imafuna masiku atatu okha..."

"Sindikufuna kumva njira. Ndikufuna galasi loyera pofika Loweruka. Apo ayi, ukawauze wekha amalume kuti mkazi uli naye kale, amakhala m'madzi."

Anatola kachikwama kake n'kutuluka, tiyi amene anamuthirira asanamukhudze n'komwe.

*

Lolemba m'mawa Zeferino anavula malaya n'kuyamba ntchito. Anapala galasi ndi kakhadi kakale ka pulasitiki, anatapamo madzi theka n'kuthiramo ena amene anagona m'ndowa, anatola zoola zonse zapansi, n'kubwezera katani pawindo. Chinatsala ndi njira imene Fyness anakana kumva ija. Ndere imakhala ndi moyo chifukwa cha kuwala. Ukaphimba thanki masiku atatu osalowetsa ngakhale kacheza kamodzi, imafa yokha, nsomba osavulala.

Anayesa shiti ya pabedi, kuwala kunkadutsa. Anayesa makatoni, ankasiya mipata m'makona. Bulangeti lake linali laubweya, linkathothokera m'madzi. Atazungulirazungulira, anatsegula sutikesi n'kutulutsa nsalu imene inali pansi penipeni, yopindidwa bwino m'pepala la pulasitiki.

Chinali chitenje chakuda chamaluwa abuluu, chochindikala, cha mtundu umene masiku ano sumapezeka. Chinali cha malemu mayi ake a Fyness, mbereko imene anamuberekera ali khanda. Tsiku limene Fyness anamulola Zeferino, pamaso pa azakhali ake, anamupatsa chitenje chimenechi ngati chikole, chizindikiro choti mawu ake ndi omwewo ndipo sadzatembenuka. Azakhali analira tsiku limenelo.

Mnyamata wa nzeru zake akanachibwezera m'sutikesi. Koma Zeferino anachiyang'anitsa padzuwa, anaona kuti sichidutsa kuwala, mtima wake n'kunena kuti zatheka. M'mutu mwake munalibe chipongwe ngakhale pang'ono. Ankaona kuti akugwira ntchito imene Fyness anamutuma, pogwiritsa ntchito nsalu ya Fyness yemweyo. Anachikuta bwinobwino pathanki, n'kuchipana ndi mapegesi.

Lachitatu m'mawa kunabwera mayi a Zeferino, a Marcelina, atatsagana ndi Cleide. Cleide anali mwana wa mnzawo wa a Marcelina wa kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo a Marcelina anamusankha kalekale mumtima mwawo kuti ndiye adzakhale mpongozi. Kubwera kwa Fyness kunawasokonezera mapulani onse. Zeferino anali atapita kuntchito, koma amayi kiyi anali naye wawo, akuti abwera kudzakonza m'nyumba alendo a Loweruka asanafike.

"Epa! Mama, taonani," anatero Cleide ataima pathanki. "Iyi si nsalu ija anapereka wa ku Thambani?"

A Marcelina anaigwira m'mphepete, anainunkhiza, n'kuseka chapansipansi.

"Ndi yomweyo. Ikununkha matope."

Cleide anatulutsa foni.

*

Ku Thambani, Fyness anali pakhonde ndi Deliwe, mwana wa azakhali ake, akusankha nyemba. Foni inalira. Nambala inali yachilendo, koma chithunzi chinali chosasowa wochimasulira. Pansi pake panali mawu omutchula kuti mana, kutanthauza achemwali m'Chipwitikizi: "Mana Fyness, chikole chanu chapeza ntchito. Nsomba ikuti zikomo, sikumvanso kuzizira. Ndine Cleide."

Fyness anadzambatuka. Lichero linapendekeka, nyemba n'kumwazikira pansi.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Deliwe, n'kulanda foni. Atayang'ana anagwira pakamwa. "Mayo ine! Chitenje cha malemu? Koma dikira kaye, Fyness. Wotumizayu ukumudziwa bwino. Akufuna uthamange."

"Chithunzichi wajambula ndi pensulo? Si thanki ya Zefe iyi? Si nsalu ya amayi iyi?"

Anaimba kawiri, Zeferino sanayankhe. Analemba uthenga: "Chitenje cha amayi chili kuti?"

Yankho linabwera patapita mphindi khumi, ndipo pa mayankho onse amene mwamuna angalembe, iye anasankha loipitsitsa. "Chili bwinobwino, ndikufotokozera. Koma usabwere lero, sitingavundukule mpaka mawa."

Cleide naye sanagone. Uthenga wachiwiri unalowa: "Musadandaule mana, akamaliza tikuchapirani. Mwina tipukutire kaye pansi."

"Ndikupita," anatero Fyness akumanga duku.

"Fyness, ukapita ndi mtima umenewu ukaphwanya zinthu. Dikira mawa."

"Mawa? Mayi anga agone usiku wina pa chithaphwi chifukwa bwana Patarawu sanadzuke?"

Deliwe anamutsatira mpaka pamsika akumuchonderera, koma pikapu ya ku Boma inali itadzaza kale, ndipo Fyness anadzipanikiza pakati pa matumba a manachesi osacheukanso.

*

Anafika cha m'ma thuu koloko. Chitseko chinali chotsegula. A Marcelina anali pampando waukulu, Cleide ali kukhitchini ngati kwawo, ndipo Zeferino anali atangofika kudzadya. Ataona nkhope ya Fyness anaika supuni pansi.

"Ndinati usabwere lero."

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero Fyness, akupinda maondo pang'ono, poti ngakhale wakwiya anali woleredwa.

"Taswera," anayankha a Marcelina osamuyang'ana. "Kwanu kulibe ntchito?"

Fyness anatembenukira kwa bwenzi lake. Sanamutchule Zefe.

"A Zeferino, ndinakupatsani chiyani tsiku lija pamaso pa azakhali?"

"Fyness, khala pansi ndikufotokozere. Ndere imafa ikasowa kuwala. Masiku atatu okha. Ndinayesa shiti, ndinayesa makatoni..."

"Ndiye mutayesa zinyalala zonse munafika pa mayi anga?"

"Sindinaganize choncho."

"Simunaganize! Nsalu imene ine sindinaivalepo ngakhale kamodzi poopa kuti ingathe. Ndinaichotsa m'bokosi ndikulira. Inu mwaipana ndi mapegesi ngati thewera."

"Iii, koma nsalu yomweyi?" analowerera Cleide ataima pakhomo la khitchini, akupukuta manja. "Kumalire ku Zobue zilipo zambiri, mana. Tikugulirani ina, yatsopano."

"Iwe tseka pakamwa! Sindikulankhula ndi antchito."

"Wantchito ndani?" A Marcelina anadzuka pampando. "Mwana iwe, m'nyumba ya mwana wanga ukutukwana mlendo wanga? Usanalowe n'komwe? Nanga ukadzalowa tidzapumira kuti? Nsomba imeneyi ndi ya malemu Fenias. Inalipo iwe usanabwere."

"Fenias ndi malemu, mayi anganso ndi malemu. Kapena malemu a ku Thambani ndi otchipa?"

Pampu ya m'thanki inkangolira kuseri kwa nsalu.

"Fyness," anatero Zeferino motsitsa mawu, "ndapota nawe, mawa m'mawa. Kwatsala usiku umodzi. Ukavundukula pano ntchito yonse ipita pachabe, komanso Patarawu wakhala mumdima masiku awiri, kuwala kwadzidzidzi kumuopsa."

Akanati pepa. Liwu limodzi lokhalo likanamukhazika pansi Fyness, pakuti mumtima mwake ankalidikira. M'malo mwake mnyamatayo anapempha usiku wina m'dzina la nsomba.

Fyness anapita pathanki, anagwira nsonga ya chitenje, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Mapegesi anathethekera uku ndi uku. Chivundikiro cha thanki chinagwa pansi, madzi anakhavukira pasimenti, kuwala kwa masana n'kulowa m'galasi kamodzin'kamodzi. Patarawu anathamanga n'kudzigunda pakona, anakwera pamwamba pa madzi akuphiriphitha, ndipo pamaso pa onse anafufuma mpaka kukhala ngati chibaluni, mimba m'mwamba.

"Wameza mpweya!" anakuwa Zeferino. "Akameza mpweya amafa!"

Anamukankhira Fyness pambali ndi chigongono, osati mwadala, koma anamukankha ndithu. Anapisa manja onse awiri m'madzi, n'kuigwira nsomba ija mosamala, mutu m'mwamba, akuigwedeza pang'onopang'ono pansi pa madzi kuti ibzikule mpweyawo.

"Zefe..." anayamba Fyness, mantha atamugwira.

"Tatuluka! Ukumuopsa. Tuluka, Fyness!"

Sanamuyang'ane n'komwe. Fyness anaima chitenje chonyowa chili m'manja, akuona msana wa mwamuna amene amati adzakhala wake. Zinamupweteka kwambiri, kuposa mauthenga onse a Cleide.

"Mwamva, mana," anatero Cleide mokoma. "Akuti mutuluke."

"Ndipo nonse mwaona," anawonjezera a Marcelina, akuloza nsalu ija. "Watenga yekha. Palibe wamupatsira."

Fyness sanawamvetse mawu amenewo. Anatuluka misozi ili m'maso, osatsazika.

*

Pikapu yobwerera ku Thambani inachedwa kudzaza. Itanyamuka, fumbi ndi mabampu zinayamba kumuphwetsa mkwiyo. Chitenje chinali pamiyendo pake, ndipo atachitambasula pang'ono anaona kuti sichinang'ambike, sichinathimbirire. M'mphepete monse chinali chopindidwa kawiri kuti mapegesi asalume maluwa.

Ali pakati pa njira foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu. Anauika pakhutu.

"Fyness, ndi ine. Wabzikula, ali moyo. Galasi layera, ndere yatsala pang'ono chabe. Koma si zimene ndikufuna kunena. Ndalakwa. Ndinafunika kukufunsa. Ine m'nyumba muno ndili ndi zinthu ziwiri zokha zimene ndingathawe nazo moto utabuka, nsomba ya achimwene ndi nsalu yako. Pamene ndimaziika pamodzi sindinaone chipongwe, ndinaona ngati... kaya. Ndine chitsiru. Ndinakukalipira pamaso pa anthu, pepa. Cleide ndamuthamangitsa, kiyi ndawalanda amayi. Amayi achoka atakwiya, sindikudziwa kuti alowera kuti. Bwera nayo nsaluyo, ndidzaisunga pamene ukufuna iwe. Ndimakukonda, Fyness."

Anaumvera katatu. Mayi wina amene anakhala pambali pake anamufunsa ngati kwagwa zovuta, Fyness anapukusa mutu akuseka ndi misozi yomwe. Mkwiyo unalipobe, koma unali utasanduka wa mtundu wina, woti munthu akakalipe kenako akhululuke. Analemba: "Ndiwedi chitsiru. Ndibwera nayo mawa m'mawa. Ugule katani yakuda." Netiweki inali itathawa, uthengawo unangokhala osapita. Anati autumiza akafika.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene ankalowa pakhomo. Anadabwa kuona mipando itatulutsidwa pabwalo. A Kinsley anali atakhala pakati, chipewa chili pabondo. Azakhali anali pamphasa atazolika, ndipo Deliwe anaima pakona ya nyumba maso ali ofiira.

"Wafika, mphwanga," anatero a Kinsley. Mawu awo anali ofewa, ndipo Fyness anadziwa kuti a Kinsley akafewa ndiye kuti zinthu zaipa. "Khala apo."

Anagwada pamphasa.

"Andiimbira foni mayi a mnyamata uja. Aka n'koyamba kundiimbira, ndipo tagwirizana bwino kwambiri. Akuti wapita kunyumba kwa mwana wawo, watukwana alendo, ndipo walanda chikole chako pamaso pa mboni ziwiri. Ine ndinati mwina akunama, anthu aja sindiwakhulupirira. Koma ndikuona chili m'manja mwakomo."

"Amalume, si choncho. Anaphimbira thanki ya nsomba, ndiye ine ndinakwiya..."

"Anaphimbira nsomba?" A Kinsley anatembenukira kwa azakhali. "Mwamva, achemwali? Nsalu ya mlongo wathu. Amenewa ndi anthu amene mumandikakamiza kuti ndikawaone Loweruka."

"Wapepesa, amalume. Ndili ndi uthenga wake pano, mumve nokha. Ndikukabweza mawa."

"Kubweza?" Anatambasula dzanja. Fyness anazengereza, koma sakanawakaniza amalume ake pamaso pa anthu. Anawapatsa. A Kinsley anachipinda chitenje chija mwaulemu, kanayi, n'kuchiika pansi pa chipewa chawo. "Chikole si mpira woti muziponyerana mukayambana. Unapereka pamaso pa azakhali ako, tonse tinamva kuti walola. Ukachitenganso pamaso pa amayi ake, nawonso amva kuti wakana. Ndawauza kale ankhoswe a kwawo kuti Loweruka asatidikire."

"Azakhali, ndithandizeni," anatero Fyness. "Inu mukudziwa kuti ndimamukonda."

Azakhali anadzutsa mutu. Iwo ndi amene anamenyera nkhondo ubwenzi umenewu kuyambira pachiyambi, ndipo ankafunafuna pogwira.

"Achimwene, mwina mwanayu anachita kupatsidwa. Ngati anamuponyera ndi iwowo, mlandu ndi wawo, tikhoza kukakambirana." Anatembenukira kwa Fyness, maso awo akumupempha. "Tiuze zoona, mwanawe. Anakupatsira ndi mnyamatayo? Kapena amayi ake?"

Fyness anayang'ana Deliwe, Deliwe anayang'ana pansi. Bodza linali pafupi, lokonzeka, ndipo azakhali anali atamutsegulira khomo. Koma bodzalo likanagwera Zeferino, ndipo a Kinsley sakanamukhululukira mnyamata wobweza chikole mpaka imfa.

"Yankha," anatero a Kinsley. "Anakupatsira ndani?"

"Palibe, amalume," anatero Fyness. "Anandipempha kuti ndisachotse. Ndinachotsa ndekha."

A Kinsley anavala chipewa, anapanira chitenje m'khwapa, n'kulowa nacho m'nyumba mwawo. Pabwalo ponse panamveka kulira kwa loko wa bokosi lawo lachitsulo.